Tebulo la mizere itatu: zimene limanena ndi zimene limabisa pa mayina a asidi ndi michere

Mwana wa ku Chifunde amene anayamba sukulu m'Chinyanja, Chipwitikizi n'kumalowa pang'onopang'ono, akafika ku sekondale amapeza phunziro la Química likumudikira m'Chipwitikizi chokhachokha. Mwa zinthu zimene amakopera m'kope muli tebulo la mizere itatu, limene mabuku a phunziroli salephera kukhala nalo. Asidi amene dzina lake limathera ndi -ídrico amapereka mchere wothera ndi -eto. Wothera ndi -oso amapereka -ito. Wothera ndi -ico amapereka -ato. Kuti ana asaiwale, aphunzitsi ena amawonjezapo kachiganizo koloweza konena za mlomo wa bakha ndi fupa la mbuzi, chifukwa m'Chipwitikizi mawu amenewa amathera mofanana ndi michira ya mayinawo. Mwana amaloweza, amalemba mayeso, mwinanso amakhoza.

Tebuloli silinama. Vuto lake n'lakuti limangonena kuti mchira uwu umatsatana ndi mchira uwo, osanena chimene mchirawo ukutanthauza, ndipo pali malo angapo pamene limamusiya yekha mwana wolankhula Chinyanja. Aphunzitsi a ku pulayimale angaganize kuti nkhaniyi si yawo. Kuyambira pa ntchito yoyeserera ya PEBIMO, imene pakati pa 1993 ndi 1997 inaphunzitsa ana m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, mpaka pamene maphunziro a zinenero ziwiri analowa m'sukulu za boma mu 2003, ntchitoyi yakhala ya makalasi oyamba, kumene kulibe Química. Koma mawu awiri amene tebulo lonse laimapo, sal ndi ácido, mwana amayamba kuwamva kwa mphunzitsi wa ku pulayimale. Mmene anawamvera tsiku loyambalo ndi mmene amapita nawo ku sekondale.

Sal amamasuliridwa mosavuta: mchere. Pamphika, kumasulirako n'kolondola. Mu Química, mchere wa m'ndiwo ndi umodzi chabe mwa michere yosawerengeka. Mchere ndi chimene chimapangika haidrojeni wa asidi akasiyira malo ake chitsulo, kapena gulu la maatomu lochita ngati chitsulo, monga amónio. Motero fetereza wa sulfato de amónio ndi mchere. Soda wothira m'therere ndi mchere, bicarbonato de sódio. M'chidulo chimene amayi amadontheza kuchokera m'phulusa muli mchere wa carbonato de potássio, ndipo ndi umene umafewetsa masamba. Mapiritsi amene amayi oyembekezera amalandira kusikelo, amene aliyense amawatchula kuti sal ferroso, ndi mchere wa sulfato ferroso. Mankhwala a Certeza othira m'madzi akumwa ndi mchere wosungunuka, hipoclorito de sódio. Matani 2,750 a nitrato de amónio amene anaphulika padoko la Beirut pa 4 Ogasiti 2020, n'kupha anthu oposa 200, analinso mchere, ndipo sitima imene inawafikitsa padokopo inali pa ulendo wa ku Beira.

Mwana amene m'mutu mwake mchere ndi chinthu choyera chokometsa ndiwo amaganiza kuti chilichonse chotchedwa sal chingathe kupita pakamwa. Nitrito de sódio amaonekadi ngati mchere wa m'ndiwo, ndipo amasungunuka m'madzi mofanana. Magalamu ochepa okha amalepheretsa magazi kunyamula okosijeni, munthu n'kufa. Mawu oti mchere sayenera kutayidwa, chifukwa Chipwitikizi nachonso chinatenga mawu a pamphika n'kuwakulitsa. Chofunika n'chakuti kuyambira pachiyambi mwana amve kuti michere ndi mtundu waukulu, ndipo wa m'ndiwo uzitchulidwa ndi dzina lake lonse, mchere wa m'ndiwo, nthawi zonse pamene sayansi ikukambidwa.

Ácido ndi wovuta kwambiri. Ambiri amati chowawasa, n'kupereka zitsanzo za mandimu, bwemba, malambe ndi viniga. Poyambira m'pabwino, pakuti ngakhale m'Chilatini mawuwa anachokera ku kuwawasa. Choipa chake n'chakuti tanthauzo limeneli limasandutsa lilime kukhala chida choyesera. Madzi a mu batire ya galimoto ndi asidi, ácido sulfúrico, ndipo palibe woyenera kuwalawa. Komanso alipo maasidi amene lilime silingawazindikire n'komwe. Anthu a ku Tete sanaiwale za mu Januwale 2015 ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa, kumene anthu 75 anamwalira atamwa mowa wa pombe pochokera kumaliro. Poyamba mphekesera inali ya ndulu ya ng'ona. Kupima kunaonetsa kuti mu ufa wa chimanga wofululira mowawo munali tizilombo timene timatulutsa asidi wakupha, amene dzina lake linachokera ku bongkrek, chakudya china cha ku Java. Asidi ameneyu alibe fungo ndipo samveka pakamwa. Apa kubwereka mawu n'kwabwino kuposa kumasulira. Mawu oti asidi ndi odziwika kale kwa olankhula Chinyanja, ndipo kuwawasa kukhale chizindikiro cha maasidi ena a m'zakudya, osati tanthauzo la onse.

Tsono tebulo lenilenilo. Kuti munthu aone pamene likupunduka, ayenera kudziwa kumene linachokera. Chisanafike chaka cha 1787, mayina a mankhwala ku Ulaya anali ngati mayina a zitsamba: aliyense ndi mbiri yake. Ácido sulfúrico ankatchedwa mafuta a vitriolo, ácido nítrico madzi amphamvu, ácido clorídrico mzimu wa mchere. Mchere wina wa mtovu, wotsekemera koma wakupha, unkatchedwa shuga wa Saturn. M'chaka chimenecho ku Paris, Guyton de Morveau, Antoine Lavoisier, Claude Berthollet ndi Antoine de Fourcroy anatulutsa buku la Méthode de nomenclature chimique. Mfundo yawo inali yakuti dzina lizinena zimene zili m'kati mwa chinthu. Tsinde la dzina litchule chinthu chachikulu, mchira unene za okosijeni.

Chipwitikizi sichinabadwe nayo michira imeneyi. Anailowetsa ndi Vicente Coelho de Seabra, wobadwira ku Minas Gerais ku Brazil, m'buku lake la Elementos de Chimica, limene linatuluka ku Coimbra m'zigawo ziwiri mu 1788 ndi 1790, ndiponso m'buku la mayina a m'zinenero zitatu, Chipwitikizi, Chifalansa ndi Chilatini, la mu 1801. Iye sanafunefune mawu akale a kumudzi oti alowe m'malo mwa sulfate. Anasunga tsinde, n'kuveka mchirawo zovala za Chipwitikizi: -ate anakhala -ato, -ite anakhala -ito. Aphunzitsi amene amauzidwa kuti Chinyanja sichingathe kunyamula sayansi chifukwa chilibe mawu amenewa angachite bwino kukumbukira kuti Chipwitikizi chinawabwereka zaka mazana awiri ndi makumi angapo zapitazo.

M'mbiriyi muli cholakwa chimene chinasiya chipsera patebulopo. Lavoisier ankakhulupirira kuti asidi aliyense ali ndi okosijeni. Dzina loti okosijeni limatanthauza wobala asidi. Chifukwa cha ichi, asidi wochokera ku mchere wa m'ndiwo anamuika mumzere wa -ico, ndipo mchere wa m'ndiwo weniweniwo unatchedwa muriate de soude, ngati kuti uli ndi okosijeni. Humphry Davy ndi amene anaonetsa mu 1810 kuti cloro ndi chinthu pachokha, ndipo mu asidiyo mulibe okosijeni. Dzina lakale loti ácido muriático likadalipo pa mabotolo a m'masitolo a zomangira. Mzere wa -ídrico ndi chigamba chimene chinasokedwa pambuyo pake.

Mabuku amaika chigambachi pamodzi ndi mizere inayo ngati ana a mimba imodzi. Si choncho. Mzere wa -ídrico ndi -eto umayankha funso lakuti: kodi okosijeni alimo? Yankho n'lakuti ayi. Mizere iwiri inayo imayankha funso lina: popeza alimo, ndi wochuluka kapena wochepa? Mwana amene sanauzidwe kuti mafunso ndi awiri amaona michira itatu yongosiyana lembo limodzi, n'kumaisankha mwamwayi.

Choopsa china n'chakuti ana ambiri amadzipangira lamulo lawo, lakuti -ato ndi maatomu anayi a okosijeni ndipo -ito ndi atatu, chifukwa chitsanzo choyamba nthawi zambiri chimakhala cha enxofre: H₂SO₄ amapereka sulfato, H₂SO₃ amapereka sulfito. Lamuloli limagwa pa chitsanzo chotsatira. HNO₃ ali ndi atatu koma amapereka nitrato, ndipo nitrito amachokera ku HNO₂, wa awiri. Carbonato ali ndi atatu, fosfato anayi. Sulfito ndi nitrato ali ndi okosijeni wofanana, michira yosiyana. Mchira suwerenga nambala. Umangoyerekeza awiri a m'banja limodzi.

Apa m'pamene Chinyanja chili ndi chida chakuthwa. Mawu oti mkulu wanga ndi mng'ono wanga sanena zaka. Mnyamata wa zaka 12 ndi mkulu pakhomo pawo, pamene wa zaka 15 wa khomo loyandikana ndi mng'ono wa wina. Mwana aliyense amadziwa izi popanda kuphunzitsidwa. Mchira wa -ato ndi wa mkulu, wa -ito ndi wa mng'ono, ndipo ukulu umawerengedwa pakhomo limodzilimodzi: khomo la enxofre palokha, la nitrogénio palokha. Khomo la cloro lili ndi ana anayi, choncho michira iwiri sikwanira ndipo dzina limalandiranso mutu. Perclorato, wa maatomu anayi a okosijeni, ndiye wachisamba. Pambuyo pake pali clorato wa atatu, clorito wa awiri, ndi hipoclorito wa limodzi, mzime. Cloreto, wopanda okosijeni, sali mumzere wa kubadwa. Ndi msuweni: dzina la mtundu n'lomwelo, koma sawerengedwa pa ana a pakhomopo.

Fanizoli lili ndi malire ake. Carbonato ndi mkulu wopanda mng'ono amene mwana angakumane naye m'kalasi. Koma limafika pamalo amene tebulo silifika. Mwana woloweza kuti -oso amayenda ndi -ito akawerenga sulfato ferroso papaketi ya mapiritsi a mayi ake, amaona ngati olemba analakwitsa, ndipo wakhama angakonze kukhala sulfito. Chikhalirecho -oso ameneyu akunena za chitsulo, osati za asidi. Ferroso ndi mng'ono wa férrico: woyambayo anataya maelekitironi awiri, winayo atatu. Amene anamva kuti -oso ndi mng'ono ndipo -ico ndi mkulu sadabwa, chifukwa tanthauzo ndi lomwelo ngakhale chimene chikuyerekezedwa chasintha.

Pali chinthu china chimene buku lolembedwera ana a ku Lisboa kapena a ku São Paulo silingachione, chifukwa chili m'Chinyanja momwemo. Mwana wolankhula Chinyanja ndi katswiri wa michira. Amadziwa kuti kumanga, kumangira, kumangitsa ndi kumangika ndi zinthu zinayi zosiyana, choncho mfundo yakuti mchira umasintha tanthauzo si yachilendo kwa iye. Koma galamala yake yomweyo imamuphunzitsanso kuti m'michira yotere, i ndi e ndi chinthu chimodzi. Amati kuphikira, kugulira, kumangira, koma kulembera, kugonera. Amati kuphikitsa koma kugonetsa, kuthyoka ndi nkhani ina, koma kuoneka ndi kumveka n'zofanana ndi kumangika. Tsinde likakhala ndi a, i kapena u, mchira umatenga i. Likakhala ndi e kapena o, umatenga e. Tanthauzo silisintha ngakhale pang'ono, ndipo khutu la mwana linazolowera kusasamala kusiyana kumeneku.

Mu Química, kusiyana komweku ndi kumene kumalekanitsa cloreto ndi clorito. N'zomveka kuyembekezera kuti khutu la Chinyanja lidzamva -eto ndi -ito ngati mchira umodzi wovala malaya awiri, ndiponso kuti zolakwa zidzapendekera mbali imodzi. Tsinde la clor- lili ndi o, choncho cloreto adzamveka wachibadwa ndipo clorito adzakokeredwa kwa iye. Matsinde a nitr- ndi sulf- ali ndi i ndi u, choncho nitrito ndi sulfito adzamveka olondola, ndipo nitreto ndi sulfeto adzakokeredwa kwa iwo. Mchira wa -ato suli pa ngozi yotere, chifukwa a sasinthana ndi lembo lina m'michira ya aneni. Kachiganizo ka bakha ndi mbuzi sikathandiza apa, chifukwa kamadalira khutu lomwelo limene likusokonezeka. Chodabwitsa n'chakuti aphunzitsi ambiri amathera mphamvu pokonza l ndi r, mwana akati "kololo" m'malo mwa cloro. Pa mayina a tebuloli, l ndi r sizisintha chinthu kukhala china. Chimene chimasintha ndi lembo limene likudutsa osaliona.

Dongosolo la mawu nalonso lili ndi msampha wake, ngakhale waung'ono. Chipwitikizi chimati cloreto de sódio, kuyamba ndi mbali ya asidi, ndipo Chinyanja chimayenda chimodzimodzi, monga mmene chimanenera kuti mchere wa m'nyanja. Koma chizindikiro chimalembedwa NaCl, chitsulo patsogolo. Mwana ayenera kuuzidwa poyera kuti chizindikiro chimawerengedwa chobwerera. Ku Chifunde nkhaniyi ili ndi mbali yachitatu. Boma ili lili m'malire, ndipo katundu wodutsa pa Cassacatiza kuchokera ku Zambia, ngakhalenso wochokera ku Malawi, amabwera ndi zolemba za Chingerezi. Pathumba la fetereza pamalembedwa ammonium sulphate kapena calcium ammonium nitrate, mbali ya asidi kumapeto. Michira ya -ate ndi -ite imagwirizana bwino ndi -ato ndi -ito, koma -eto m'Chingerezi ndi -ide, amene m'kamwa amamveka pafupi kwambiri ndi -ite. Ngakhale m'Chipwitikizi momwemo mayina sagwirizana paliponse: buku la ku Portugal limati sulfureto, la ku Brazil limati sulfeto, ndipo mphunzitsi amene amatenga zolemba pa intaneti amabweretsa onse awiri m'kalasi osadziwa. Mwana wodziwa tanthauzo la mchira amadutsa m'zinenero zonsezi, chifukwa zonse zikuchokera ku dongosolo limodzi, limene lero limasamalidwa ndi bungwe la IUPAC, lokhazikitsidwa mu 1919. Woloweza bakha amaima pathumba la fetereza osadziwa poyambira.

Nanga mayinawa alembedwe bwanji m'Chinyanja? Ena amafuna kuti chilichonse chipatsidwe dzina lachikuda, hipoclorito de sódio akhale mchere woyeretsa madzi, nitrato de amónio akhale mchere wa m'munda. Cholinga n'chabwino, koma njirayo ikubwerera ku shuga wa Saturn. Dzina lonena ntchito silinena zimene zili m'kati, ndipo michere ya m'munda ilipo yambiri. Ena amati mayina asiyidwe m'Chipwitikizi, ndipo kufotokoza konse kukhalenso m'Chipwitikizi. Awa akutaya mkulu ndi mng'ono, akutayanso mwayi wochenjeza khutu pa i ndi e, popeza chenjezo limenelo silingaperekedwe popanda kutchula kuphikira ndi kulembera. Njira ya Seabra ndi imene ikuoneka yanzeru: tsinde lisungidwe, mchira usungidwe ndi lembo lake lenileni, kalembedwe kokha katsatire Chinyanja, ndipo kufotokoza kukhale m'chinenero cha mwana. Motero kloreto wa sodiyo, sulufato wa amoniyo, asidi wa sulufuriko. Misonkhano yogwirizanitsa kalembedwe ka zinenero za Mozambique, ya mu 1988, 1999 ndi 2008, inapereka malembo ogwiritsa ntchito. Chotsala ndi kugwirizana pa zinthu zing'onozing'ono, monga ngati dzina lizitenga wa kapena ya. Wa ali ndi ubwino wakuti amagwirizana ndi mchere, asidi ndi fetereza, ndipo mwana akamva kloreto wa sodiyo amamva mawu oti mchere atabisala kutsogolo.

Mayeso a boma adzafunsabe m'Chipwitikizi, ndipo palibe akunena kuti tebulo lichotsedwe pabolodi. Lingathe kubwera kumapeto kwa phunziro, ngati chokumbutsa zimene zamveka kale, mzere wa -eto utapatulidwa pawokha.

Mfundo ya i ndi e ingayesedwe ndi mphunzitsi aliyense popanda labotale. Awerengere ana mayina asanu ndi limodzi mosakaniza, cloreto, clorito, nitreto, nitrito, sulfeto ndi sulfito, aliyense kawiri, anawo azilemba zimene amva. Pochonga asangowerenga zolakwa, koma aone kumene zapendekera: ndi angati analemba cloreto pamene ananena clorito, ndi angati anachita mosemphana. Ana a kalasi 6 angathe kuchita zimenezi ngakhale asanamve za Química, pakuti chimene chikuyesedwa ndi khutu. Zotsatira za sukulu za ku Mualadzi zikaikidwa pambali pa za ku Nsadzu ndi za ku likulu la boma, zidzaoneka ngati kupendekerako kulidi paliponse. Pambuyo pake mphunzitsi aike patebulo paketi ya mchere wa m'ndiwo ndi botolo la Certeza, alembe pabolodi cloreto de sódio ndi hipoclorito de sódio, afunse ana kuti ndi chiti chimene angathire m'ndiwo, kenako awapemphe kuti aloze malembo amene akusiyanitsa mayina awiriwo.